KODI NDARAMA ZIMAGULA CIKHO?

 Nkhani yathu ya lero yacokera m'kalata ya mnzathu wina wa ku Matero. Iye akuti mwana wace wamwamuna wasiya mpira wa miyendo nayamba basketball, ndipo usiku sagona ai, amacezera pa foni kuonera masewera a ku America. Tsiku lina mnyamatayo anauza atate wace kuti kumeneko kuli lamulo loikira timu iri yonse malire a ndarama zimene ingalipire osewera ace. Atatewo, amene anakhala zaka zambiri m'bungwe la anchito, sanakondwe konse. M'kalata mwao afunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi lamulo limenelo si cinyengo ca olemba nchito, cakuti wanchito afike apa, asapitirire? Laciwiri: kodi timu yolipira kwambiri ndiyo imapambana, kapena iai?

Mafunso onse awiri ngabwino, ndipo ndiyesa kuwayankha monga ndikhoza. Koma poyamba ndinene pang'ono za masewerawo, cifukwa ena a inu simunawaonepo. Pa bwalo pamalowa anthu asanu mbali iyi ndi asanu mbali iyo, ndipo amalimbana kuponya mpira m'nkhata ya citsulo yopacikidwa m'mwamba mamita 3.05. Musaiwale ciwerengero cimeneco ca asanu. Pa mpira wa miyendo katswiri mmodzi ali pakati pa anzace 10, ndipo akhoza kutha mphindi zambiri osakhudza mpira. Pa basketball katswiri amaugwira pafupifupi nthawi iri yonse timu yace ikamapita kutsogolo. Ndico cifukwa cace munthu mmodzi kumeneko amakwera mtengo koopsa.

Bungwe lalikuru la masewerawa lichedwa NBA. Liri ndi matimu 30, 29 a ku United States ndi imodzi ya ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo timu iri yonse imasewera kokwanira 82 pa caka isanafike mipikisano yotsiriza yolimbirana cikho. Ca m'ma 1980 matimu ena anali pafupi kugwa ndi ngongole, pakuti olemera a m'mizinda yaikuru ankakweza malipiro, ndipo osauka ankawatsata kuopa kutsalira. Tsono mu 1983 eni matimu ndi bungwe la osewera anapangana za malire, amene eni ace amawacha salary cap. M'nyengo ya 1984 mpaka 1985 malirewo anali madola mamiliyoni 3.6 pa timu yonse. M'nyengo ya 2024 mpaka 2025 anafika mamiliyoni 140.6, ndipo m'nyengo yotsatira mamiliyoni 154.6.

Apa ndipo pali yankho la funso loyamba la atate a ku Matero, ndipo ndipempha kuti mumvetsetse. Malire a malipiro alipo a mitundu iwiri, ndipo sialingana ai.

Mtundu woyamba unali wa ku England pa mpira wa miyendo. Kuyambira 1901 wosewera sankaloledwa kulandira kupitirira mapaundi 4 pa sabata, ndipo pofika 1958 malirewo anali atangofika mapaundi 20. Mabwalo ankadzaza anthu zikwi zambiri olipira pakhomo, koma katswiri amene anthuwo anadzera ankalandira cimodzimodzi ndi mnzace wamba, ndipo zotsala zonse zinkatsalira timu. Akatswiri ena anathawa. John Charles anapita ku Juventus ya ku Italy mu 1957. Osewera, motsogozedwa ndi Jimmy Hill, anaopseza kunyanyala, ndipo mu January 1961 lamulolo linatha. Posacedwa Johnny Haynes wa Fulham anayamba kulandira mapaundi 100 pa sabata. Malire otere ndiwo amene atate athu akuwaopa, ndipo akunena zoona. Agogo athu a ku Migodi anawadziwa bwino: ndico cimene cinabala bungwe la anchito a m'migodi mu 1949, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndi sitiraka ya mu 1952.

Mtundu waciwiri ndi uwu wa NBA. Kumeneko amayamba awerenga ndarama zonse zimene masewera abweretsa, za pakhomo, za makampani a wailesi yakanema ndi za malonda ena, ndipo pangano likuti osewera onse pamodzi alandire pafupifupi theka, pakati pa magawo 49 ndi 51 pa 100. Malire a timu iri yonse amacokera pa ciwerengero cimeneco. Cuma cikakwera, malire akwera naco. Ndiponso pali malire a pansi: timu siiloledwa kuumira, iyenera kulipira magawo 90 pa 100 a malirewo, ndipo ikapanda kufikapo, zotsalazo zigawidwa kwa osewera. Koma musaganize kuti zimenezi zinabwera mwa mtendere. Mu 1998 eni matimu anatsekera osewera kunja miyezi yambiri, kotero kuti nyengoyo inangokhala ya masewera 50. Mu 2011 anateronso, ndipo osewera anagonja, gawo lao linatsika kucoka pa 57. Kotero mantha a atate a ku Matero si opanda pace. Kusiyana kwace nkwakuti malire awa amakambirana pa tebulo ndi bungwe lolimba la anchito, ndipo mabuku a ndarama amatsegulidwa kuti mbali zonse ziwiri ziwerenge.

Tsono mudzadabwa ndikakuuzani kuti matimu ambiri amapitirira malirewo caka ndi caka. Mpandawu uli ndi zipata. Cipata cacikuru ncakuti timu ikhoza kupitirira malire pofuna kusunga wosewera amene wakhala nayo zaka zingapo. Anthu amacicha ndi dzina la Larry Bird, katswiri wa Boston Celtics wa masiku amenewo. Koma kutsogolo kwa mpanda woyamba kuli waciwiri, umene m'nyengo ya 2024 mpaka 2025 unali pa mamiliyoni 170.8. Wodumpha umenewo alipira msonkho. Kuyambira 2013 mpaka 2025 dola liri lonse lopitirira linkakoka msonkho wa dola limodzi ndi theka, ndipo msonkhowo unkakwera munthu akamanka patali, ndi kukweranso kwa iye wobwereza zaka zotsatana. Gawo lina la msonkho umenewu ligawidwa kwa matimu amene sanadumphe. Ndipo kuyambira 2023 anamanganso mpanda wina kutsogolo kwace, wakuti woudutsa amamangidwa manja pa kusinthana osewera ndi pa kulemba ena atsopano.

Pali malamulo ena awiri amene muyenera kuwadziwa, cifukwa cinsinsi conse cagona pamenepo. Loyamba, munthu mmodzi, angakhale adziwe mpira cotani, sayamba pangano lace ndi ndarama zopitirira magawo 25, 30 kapena 35 pa 100 a malire a timu, monga mwa zaka zimene wagwira. Laciwiri, anyamata atsopano sagulidwa pa msika. Caka ciri conse matimu amasankhana mwa ndondomeko, ndipo amene anatsalira m'mbuyo ndiwo ali ndi mwai waukuru wosankha poyamba. Mnyamata wosankhidwa m'gulu loyamba amalandira malipiro oikika kale kwa zaka zace zoyamba, kufikira zinai.

Tiyeni tsopano tione funso laciwiri, ndipo tilione ndi zimene zinacitikadi.

Mu 2013 timu ya Brooklyn Nets, ya munthu wolemera wa ku Russia dzina lace Mikhail Prokhorov, inafuna cikho mwamsanga. Inatenga ku Boston akatswiri awiri ochuka, Kevin Garnett wa zaka 37 ndi Paul Pierce wa zaka pafupifupi 36. Malipiro a timu anapitirira madola mamiliyoni 100, ndipo msonkho wokha unafika mamiliyoni 90. Anapambana masewera 44 mwa 82, nagwa pa khwerero laciwiri la mipikisano yotsiriza. Akuru anati tsabola wakale sawawa. Koma coipa cacikuru si ndarama zimene anataya. Pogula nkhalambazo anapereka kwa Boston malo ao osankhira anyamata a zaka za m'tsogolo, ndipo m'malo amenewo ndimo Boston inapezera Jaylen Brown mu 2016 ndi Jayson Tatum mu 2017. Awiriwa ndiwo anatengera Boston cikho mu 2024. Munthu anagulitsa mbeu kuti agule nsima yophikaphika.

Citsanzo cina ncaposacedwa. M'nyengo ya 2024 mpaka 2025 Phoenix Suns ndiyo inali ndi malipiro ocuruka koposa matimu onse, opitirira mamiliyoni 200. Anthu atatu okha, Kevin Durant, Bradley Beal ndi Devin Booker, ankalandira pamodzi mamiliyoni 150, ndiko kuti kupitirira malire a timu yonse. Anapambana 36, nagonja 46, osalowa nkomwe m'mipikisano yotsiriza. Inu amai a ku Kanyama ndi ku George mudziwa cimene cimacitika mwamuna akatha malipiro a mwezi pa suti ndi nsapato: pa njira aoneka bwana, koma m'nyumba mulibe unga, mulibe malasha. Atatuwo onse anali odziwa kuponya, koma otchinga ndi olanda mpira anacepa, ndipo malamulo a mpanda uja analetsa timu kuwagula. Caka comweco cikho cinapita ku Oklahoma City Thunder, imene inapambana 68 ndi kugonjetsa Indiana Pacers pa masewera otsiriza. Matimu onse awiriwa sanalipire msonkho. Mmodzi wa mizati ya Oklahoma, Jalen Williams, anali akali pa malipiro a mnyamata watsopano, osafika mamiliyoni 5, pamene nchito yace inali ya munthu wa mamiliyoni makumi angapo.

Wina anganene kuti tsono nkhani yatha, ndarama ziribe nchito. Iai, musafulumire. Mu 2022 Golden State Warriors inali ndi malipiro ocuruka koposa onse, inalipira msonkho wa pafupifupi mamiliyoni 170, ndipo inatenga cikho. Koma taonani mmene inafikira pamenepo. Stephen Curry, Klay Thompson ndi Draymond Green inawasankha yokha akali anyamata. Mu 2012 Curry anali kubvutika ndi akakolo, kotero anabvomera pangano la mamiliyoni 44 pa zaka zinai, mtengo wocepa kwa munthu amene mu 2015 ndi 2016 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Timu inatenga cikho mu 2015. Mu 2016, cifukwa ca pangano latsopano la wailesi yakanema, malire analumpha kucoka pa mamiliyoni 70 kufika pa 94, ndipo m'mpata umenewo anaikamo Kevin Durant, natenganso zikho mu 2017 ndi 2018. Malipiro akuru anabwera pambuyo, pamene inafika nthawi yosunga anthu amene anali atapambana kale.

Ine ndiona kuti pamenepa ndipo ambiri amasokonezeka. Mukaika m'ndandanda matimu monga mwa malipiro ao ndi monga mwa kupambana kwao, mudzapeza kuti kawirikawiri olipira bwino ali capamwamba. Koma muyenera kufunsa cimene cinayamba. Kambiri timu imalipira kwambiri cifukwa inayamba yapambana. Pamene pali malire, dola limene mwapatsa uyu mwalimana uyo, kotero wopambana ndi iye amene wapeza anthu ogwira nchito yoposa malipiro ao: mnyamata amene sanafike pa mtengo wace, kapena katswiri weniweni amene lamulo la magawo 35 limletsa kulandira zonse zomuyenera. Woluza ndi iye amene alipira mtengo wa katswiri kwa munthu amene mbiri yace iri m'mbuyo, kapena amene amabvulala kawirikawiri. Ndipo cipatso ca malamulo onsewa cioneka: kuyambira 2019 mpaka 2025 cikho cinapita ku matimu asanu ndi awiri osiyana, Toronto, Los Angeles Lakers, Milwaukee, Golden State, Denver, Boston ndi Oklahoma City.

Yerekezani ndi kumene kulibe malire. Ku Germany Bayern Munich inatenga ligi zaka 11 zotsatana, 2013 mpaka 2023. Ku South Africa Mamelodi Sundowns, timu ya banja la Patrice Motsepe, amene cuma cace ncocokera m'migodi, inaitenga kasanu ndi katatu motsatana, 2018 mpaka 2025. Kumene msika uli wotseguka, thumba lalikuru limalankhula mokweza.

Tibwere kwathu tsopano, pakuti nkhaniyi ife tinaiona ndi maso, ngakhale sitinaiche dzina. Ligi ya dziko lino inayamba mu 1962, ndipo oyamba kuitenga anali Roan United a ku Luanshya. Mufulira Wanderers, timu ya Samuel Ndhlovu amene anthu ankamucha Zoom, anaitenga mu 1963, 1965, 1966, 1967 ndi 1969. Masiku amenewo malipiro a wosewera sanali kulembedwa ngati malipiro a mpira. Anali nchito pa mgodi, nyumba ya kampani, cipatala, ndi cilolezo coweruka msanga kupita ku bwalo. Mnyamata waluso wa kwina akaitanidwa ku Mufulira, ku Kitwe kapena ku Chingola, ankapita, cifukwa kumeneko kunali moyo. Kabwe Warriors, kumene Godfrey Chitalu anamwetsera zigoli 107 mu 1972, inali kutsamira njanji. Green Buffaloes inatsamira asilikali, Power Dynamos kampani ya magetsi a ku Migodi. City of Lusaka, timu ya anthu a mu mzinda uno, imene inalibe mgodi kumbuyo kwace, inatenga ligi kamodzi kokha, mu 1964. Agogo anga, amene anali wokonda City mpaka imfa, ankati timu yao iri ndi moto koma iribe nkhuni.

Ndipo pamene cuma cinasamuka, zikho zinasamuka naco. Migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000. Wanderers, amene anali atatenga ligi mu 1995 ndi 1996, anatsika m'gulu lapamwamba nakhala pansi zaka zambiri, kufikira 2015. Zanaco, timu ya banki, inatenga ligi mu 2002 ndi 2003. Zesco United inayamba mu 2007, ndipo pofika 2021 inali itaitenga kasanu ndi kanai. Koma nafenso tiri ndi Brooklyn wathu. Buildcon ya ku Ndola inalowa m'gulu lapamwamba mu 2017 nidzaza timu ndi osewera ogulidwa ku maiko ambiri, koma ligi siinaitenge ngakhale kamodzi. Anthu 11 osadziwana, olankhula zinenero zosiyana, osinthidwa nyengo iri yonse pamodzi ndi aphunzitsi ao, sakhala timu cifukwa cakuti abvala malaya amodzi.

Nanga basketball yathu? Matero Magic ndi timu ya m'komboni mwa atate amene atilemberawa, ndipo yatenga cikho ca dziko kangapo. Ilimbana ndi UNZA Pacers a pafupi ndi Kalingalinga, Munali Suns, Green Buffaloes ndi ena. Ambiri a osewera athu ndi ana a sukulu, asilikali kapena anthu a nchito zina, amene amapita ku bwalo ataweruka. Mu 2021 ku Kigali kunayamba mpikisano wa Africa yense wochedwa BAL, wa matimu 12, wokonzedwa ndi NBA pamodzi ndi bungwe la basketball la dziko lonse lapansi. Pacers ndi Magic anayesa m'masewera osankhira olowamo, koma kufikira 2025 palibe timu ya Zambia imene inalowa. Taonani amene amalowa: Petro de Luanda ya ku Angola, imene inatenga cikho mu 2024, itsamira kampani ya mafuta; Ferroviário ya ku Maputo ndi ya ku Beira zitsamira njanji. Ndi nkhani yomwe ija ya Mufulira ndi Kabwe. Munthu amene nchito yace yonse ndi mpira amaphunzira kawiri pa tsiku, amadya bwino, akabvulala aonedwa ndi dokotala. Mnzace amene wacezera pa shifiti sangathamange naye mphindi 40.

Kodi tsono lamulo la malire lingatithandize kuno? Ine ndikayika, ndipo zifukwa zanga ndi izi. Ku NBA wosewera alibe kothawira, pakuti pa dziko lonse palibe bungwe lina la basketball lolipira ngati limenelo. Kuno malire a dziko ali pafupi. Rainford Kalaba, Stoppila Sunzu ndi Nathan Sinkala anapita kukasewera ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Mukaika denga pa malipiro a Lusaka ndi Kitwe, mwangotsegulira khomo a ku Congo, a ku Tanzania ndi a ku South Africa. Ndiponso ku NBA timu yotsiriza siitsika. Imalandira mwai wosankha mnyamata wabwino. Kuno yotsiriza imagwa, kotero mwini timu akaona dzenje adzalipira mobisa, lamulo likhalepo lisakhalepo. Ndipo mungawerenge bwanji malipiro a wosewera amene alandira ngati msilikali, kapena ngati kalaliki wa kampani, ndi nyumba pamwamba pace?

Cimene ndingatenge kwa anthu a ku America ndi mbali ija imene sitiikamba kawirikawiri, ya malire a pansi ndi mabuku otseguka. Nyengo iri yonse timamva za osewera amene atha miyezi osalandira, ndi za ena amene analonjezedwa pakamwa cabe. Osewera a mpira wa miyendo ali nalo bungwe lao, FAWUZ, ndipo nchito yace yaikuru iri pomwepo. Kwa atate a ku Matero ndinena kuti, mwana wanu akadzaitanidwa ndi timu iri yonse, ya kuno kapena ya kunja, musayambe ndi kufunsa kucuruka kwa ndarama. Funsani ngati panganolo nlolembedwa, ndi la zaka zingati, tsiku la malipiro ndi liti, ndani adzalipira cipatala bondo likathyoka, ndiponso ngati adzamlola kutsiriza sukulu. Pepalalo mulitengere kunyumba, muliwerenge ndi munthu wodziwa malamulo, ndipo mwana asalembe dzina lace pa bwalo pomwepo anzace ali kumuombera m'manja.

Nthawi yathu yatha. Amene muli ndi mafunso ena pa nkhani imeneyi, lembani makalata monga mwa masiku onse. Tsalani bwino.